Mwadina "Sign in with Google" koma mwabwerera pomwe munayambira: chavuta n'chiyani?

Mwafika pa webusaiti inayake, ndipo m'malo mopanga pasiwedi ina yatsopano, mwasankha batani lija lolembedwa "Sign in with Google" kapena "Continue with Facebook". Tsamba lasintha, mwasankha akaunti yanu, mwavomereza, kenako mwangopezeka muli pa tsamba lomwe lija lokupemphani kuti mulowe, ngati palibe chomwe mwachita. Mwayesanso, chimodzimodzi. Tsiku lina kawindo kakang'ono kamatseguka n'kungokhala koyera mbee. Tsiku linanso batanilo mumalidina mpaka chala kuwawa, ilo lili duu.

Ambiri akafika apa amathamangira kusintha pasiwedi. Musavutike. Ngati Gmail kapena Facebook ikutseguka bwinobwino pa chipangizo chomwecho, pasiwedi ilibe mlandu. Ena amafufuta chilichonse mu browser (pulogalamu yotsegulira masamba, monga Chrome kapena Safari), ma cookie onse (timafayilo tomwe masamba amasiya mu browser kuti azikukumbukirani) ndi mbiri yonse, n'kupezeka atulutsidwa m'masamba makumi awiri amene ankagwira bwino, pomwe limodzi lovuta lija likadali lovuta. Ndipo pali langizo lina lofala, loti "lolani ma cookie onse", lomwe ine sindigwirizana nalo, chifukwa kumeneko n'kugwetsa mpanda wonse pofuna kulowetsa mlendo mmodzi. Musanakhudze kalikonse, dziwani kaye malo amene ulendo wanu ukuthera.

Ndati ulendo chifukwa ndi mmene kulowa kotereku kumayendera. Masamba ambiri amatsata njira yotchedwa OAuth 2.0, yomwe inakhazikitsidwa mu 2012, pamodzi ndi OpenID Connect ya mu 2014. Mukadina batani, webusaiti imapanga nambala yachisawawa yogwira ntchito kamodzi kokha, imene akatswiri amaitcha state. Imaisunga mu cookie mu browser yanu, ndipo kope lake imakupatsani kuti mupite nalo kwa Google. Zili ngati tikiti yong'ambidwa pakati: theka latsala, theka mwanyamula. Google ikatsimikiza kuti ndinudi, imakubwezani muli ndi theka lija komanso kachizindikiro kosonyeza kuti mwavomerezedwa. Webusaiti imalumikiza zidutswa ziwirizo. Zikagwirizana imakutsegulirani, n'kulemba cookie ina yosonyeza kuti mwalowa. Theka lotsala lija likasowa, imakana, chifukwa ilibe umboni woti wabwerayu ndi yemwe ananyamuka. Pa ulendo wonsewu pasiwedi yanu ya Google siifika m'manja mwa webusaitiyo, ndipo ndiwo ubwino wake waukulu wa njirayi.

Choncho zinthu zingasokonekere musananyamuke, muli kwa Google, kapena pobwerera. Chilichonse chili ndi maonekedwe ake.

Kodi muli mu browser yeniyeni?

Yambirani apa, makamaka pa foni, chifukwa apa ndi pomwe pamagwa anthu ochuluka osadziwa. Mukadina linki muli mkati mwa Facebook, Messenger, Instagram kapena TikTok, kawirikawiri tsambalo silitseguka mu Chrome kapena Safari ayi. Limatseguka mu ka browser kamkati mwa app yomweyo. Maonekedwe ake ndi ofanana ndithu, koma kali ndi nkhokwe yakeyake ya ma cookie, ndiye sikadziwa kuti munalowa kale mu Google pa foni yomweyo. Chinanso, Google inaletsa dala kulowa kudzera m'ma browser amkati oterewa. Chifukwa chake n'chomveka: mwini app angathe kuona zonse zomwe mukulemba mmenemo, ndi pasiwedi yomwe. Inalengeza zimenezi mu 2016, ndipo kuyambira pa 30 September 2021 inalimbitsa lamuloli. Mukaona uthenga wokhala ndi mawu akuti "403" ndi "disallowed_useragent", musafufuzenso kwina, ndi chimenechi.

Mankhwala ake ndi a masekondi ochepa. Dinani timadontho titatu pakona ya tsambalo, musankhe "Open in browser", kapena "Open in Chrome", kapena "Open in Safari". Ngati mawuwo palibe, koperani linkiyo, mutsegule browser nokha, muiike mmenemo. Yambani kulowa kuchokera pachiyambi. Musakopere adiresi ya tsamba la Google lomwe munali mutafikapo kale, chifukwa theka lija la tikiti latsala mu ka browser kamkati, ndipo mukabwerera mudzakanidwa ndi uthenga wonena za "invalid state".

Vuto lomweli limabwera mwanjira ina: mwayamba kulowa pa browser imodzi, kenako linki yotsimikizira yabwera pa imelo n'kutsegukira mu browser ina. Ulendo uyenera kuthera mu browser momwe unayambira.

Batani silikuyankha, kapena kawindo sikakutseguka

Apa simunanyamuke n'komwe. Masamba ambiri amatsegula kawindo kapadera kolowera, ndipo browser iliyonse ili ndi choletsa mawindo odzitsegukira okha. Yang'anani kumapeto kwa malo olembapo adiresi. Ngati pali kachizindikiro konena kuti pop-up yaletsedwa, kadineni, mulole tsamba limeneli lokha, kenako mutsegulenso tsambalo. Pa iPhone chosinthira chake chili mu Settings, pa Safari, cholembedwa "Block Pop-ups".

Ngati si zimenezo, ganizirani zowonjezera zomwe munaika mu browser. Zoletsa malonda ndi zoletsa kulondoledwa, monga uBlock Origin ndi Privacy Badger, nthawi zina zimatsekereza kachidutswa ka pulogalamu kochokera kwa Facebook kapena Google komwe kamachititsa batanilo kugwira ntchito. Batani limaoneka, koma kumbuyo kwake kulibe kanthu. Nthawi zina silioneka n'komwe, pamangokhala mpata. Facebook Container, yomwe Mozilla inatulutsa mu 2018, ntchito yake yeniyeni ndi kutsekera Facebook m'khola lakelake, ndiye musadabwe ikakana kuti mulowe pa tsamba lina pogwiritsa ntchito Facebook. Muyenera kuiuza nokha kuti tsamba ili liloledwe. Simukufunika kuchotsa zowonjezerazi. Zimitsani chimodzichimodzi, pa tsamba lokhalo, mpaka mupeze cholakwa.

Opera Mini nayo ili ndi khalidwe lake. Ikakhala pa mlingo wopulumutsa data kwambiri, tsamba limakonzedwa kaye pa makompyuta a kampaniyo, inu n'kulandira lophwanyidwa kale, ndipo JavaScript yambiri, yomwe ndi timapulogalamu toyendetsa mabatani ndi zina pa tsamba, siyenda mokwanira. Powerenga nkhani ndi yabwino zedi. Polowera pa tsamba, ayi. Tsitsani mlingowo kapena gwiritsani ntchito browser ina pa ntchito imeneyi yokha.

Za browser yokalamba sinditaya nthawi. Microsoft inasiya kusamalira Internet Explorer 11 pa 15 June 2022, ndipo masamba olowera ambiri anaisiya kalekale. Uthenga woti "This browser or app may not be secure" nthawi zambiri umatanthauza browser yakale, browser yachilendo yomwe Google sikuikhulupirira, kapena JavaScript yozimitsidwa. Ikani yatsopano. Ngati foni ndi yakale moti Chrome yasiya kulandira zatsopano, onani ngati Firefox ikulolabe kuikidwa pamenepo.

Kuzungulirazungulira: nkhani ya ma cookie

Apa ndiye pagona nkhani. Cookie ndi kafayilo kakang'ono, kosapitirira pafupifupi mabaiti 4,096, komwe webusaiti imasiya mu browser kuti idzakukumbukireni. Anaiyambitsa ndi Lou Montulli ku Netscape mu 1994. Cookie yolembedwa ndi tsamba lomwe mulipo ndi ya mwini nyumba. Koma tsamba limodzi limatha kukhala ndi zidutswa zochokera kwina, monga malonda, kanema, kapena bokosi lolowera, ndipo ma cookie a zidutswa zimenezi ndi omwe amatchedwa third-party. Makampani a malonda anawagwiritsa ntchito zaka zambiri polondola anthu kuchoka pa tsamba ili kupita pa lina, mpaka opanga ma browser anatopa nazo.

Apple inayamba mu 2017 ndi chitetezo choletsa kulondoledwa chotchedwa Intelligent Tracking Prevention, ndipo mu March 2020 Safari 13.1 inayamba kutsekereza ma cookie achilendowa onse popanda kufunsa. Firefox inayatsira aliyense chitetezo chake chotchedwa Enhanced Tracking Protection mu September 2019, kenako mu June 2022 inabweretsa Total Cookie Protection, yomwe imapatsa tsamba lililonse mtsuko wakewake wa ma cookie kuti asasakanikirane. Brave imawatsekereza chiyambire. Chrome ndiye yakhala ikusinthasintha maganizo: mu January 2020 Google inati iwathetsa pasanathe zaka ziwiri, inasuntha tsikulo kangapo, ndipo mu July 2024 inalengeza kuti sipitiriza dongosolo lowathetseratu. Ichi n'chifukwa chake tsamba lomwelomwelo limagwira pa Chrome ya pa kompyuta koma n'kukana pa iPhone. Ndipo kuika Chrome pa iPhone kawirikawiri sikuthandiza, popeza m'maiko ambiri ma browser onse a pa iPhone amayendera injini imodzi ya Apple yotchedwa WebKit, pamodzi ndi malamulo ake.

Pali chinthu chimodzi chimene malangizo ambiri sanena. Kulowa kopangidwa bwino, komwe tsamba lonse limapita kwa Google n'kubwerera, sikufuna ma cookie a third-party n'komwe. Muli kwa Google, ma cookie a Google ndi a mwini nyumba. Mukabwerera, a webusaiti ija ndi a mwini nyumba. Zomwe zimathyoka ndi masamba amene amalankhulana ndi Google kapena Facebook kudzera m'kazenera kobisika mkati mwa tsamba, kotchedwa iframe, kapena amene bokosi lolowera analiika mkati mwa tsamba la eni ake ena. Chizindikiro chake china ndi ichi: mumalowa bwinobwino, koma pakapita nthawi, mwina ola limodzi, mwatulutsidwa popanda chifukwa. Chiphaso chomwe munapatsidwa chatha nthawi, tsamba layesa kutenga china mwakachetechete kudzera m'kazenera kobisika kaja, browser yakana. Kunena zoona, cholakwa apa ndi cha opanga tsambalo, osati chanu. Koma inu mukufuna kulowa lero, ndiye tiyeni tione chochita.

Yambani ndi kufufuta ma cookie a tsamba lovutalo lokha. Cookie yakale kapena yowonongeka imatha kutsekereza yatsopano, ndipo ndiyo imabweretsa uthenga wa ERR_TOO_MANY_REDIRECTS, pomwe masamba awiri amaponyerana inu ngati mpira mpaka Chrome itatopa pa ulendo wa 20. Uthenga wonena kuti "Request Header Or Cookie Too Large" nawonso mankhwala ake ndi omwewa: ma cookie aunjikana chifukwa choyesa kambirimbiri. Pa Chrome ndi Edge dinani kachizindikiro kumanzere kwa adiresi, mupeze mawu onena za ma cookie ndi site data, mufufute za tsambalo. Pa Firefox dinani kaloko pamalo omwewo. Pa iPhone pitani mu Settings, Safari, Advanced, Website Data, mufufuze dzina la tsambalo, mulichotse lokhalo. Pa iPhone za iOS 18, Safari anaisamutsira pansi pa Apps mu Settings. Mayina a zosinthira amasinthasintha ndi mtundu wa browser, choncho musadandaule akasiyana pang'ono ndi omwe ndalembawa.

Zikakanikabe, patsani tsambalo chilolezo chapadera. Firefox ndi yosavuta: dinani kachishango pafupi ndi adiresi, muzimitse chitetezo pa tsamba limeneli lokha. Ngati munaika chitetezo pa "Strict", dziwani kuti Firefox yomweyo imachenjeza kuti masamba ena angasokonekere. Pa Brave dinani kamkango, mutsitse Shields pa tsambalo. Pa Chrome pitani mu Settings, Privacy and security, Third-party cookies, muwonjezere tsambalo pa mndandanda wa ololedwa. Pa Edge yang'anani Tracking prevention, ili ndi Basic, Balanced ndi Strict, komanso malo oikapo masamba osakhudzidwa.

Safari ndiye yowawitsa mutu, chifukwa "Prevent Cross-Site Tracking" ndi chosinthira cha masamba onse pamodzi, palibe chosankha limodzi. Onani kaye ngati "Block All Cookies" ndi yozimitsa. Imeneyi ikayaka palibe tsamba lomwe mungalowe, kaya ndi Google kaya ndi pasiwedi wamba, ndipo anthu ena amaiyatsa poganiza kuti akudziteteza. Ngati ili yozimitsa kale koma vuto lilipobe, zimitsani "Prevent Cross-Site Tracking" kwa kanthawi, mulowe, mumalize zomwe mukufuna, muyatsenso.

Chenjerani ndi langizo lotchuka loti "yesani mu Incognito", windo lachinsinsi lomwe silisunga mbiri. Limathandiza kudziwa ngati vuto ndi cookie yakale kapena chowonjezera, popeza mmenemo mumayamba opanda kanthu. Koma kuyambira mu 2020, Incognito ya Chrome imatsekereza ma cookie a third-party mwa iyo yokha. Ndiye ikagwira mu Incognito, mwadziwa kuti vuto linali zotsalira mu browser yanu. Ikakana, simunadziwe kanthu, chifukwa mwina yakanira chifukwa china chatsopano. Mayeso abwino ndi kupanga profile yatsopano mu Chrome, ngati kuti mwabwera munthu wina watsopano, kapena kuyesa browser ina.

Palinso kabokosi kaja kotulukira pakona, kosonyeza dzina ndi chithunzi chanu, kokufunsani ngati mukufuna kupitiriza ndi akaunti ya Google. Mu Chrome masiku ano kamayendera njira yatsopano yotchedwa FedCM, pomwe browser yeniyeniyo ndiyo imakhala mkhalapakati, osadalira ma cookie achilendo. Mukakatseka ndi X, kamabisala kwa kanthawi, ndipo mukamakatsekatseka kamabisala nthawi yotalikirapo. Sikanawonongeke. Mu Site settings muli gawo la "Third-party sign-in" momwe mungaone ngati tsambalo linatsekeredwa.

Wotchi

Izi zimaoneka zachibwana koma zimasokoneza kwambiri. Kompyuta yomwe kabatire kake kamkati kanatha imatha kudzuka ikuganiza kuti tili zaka zingapo m'mbuyo. Zikatero ziphaso za chitetezo za masamba zimaoneka ngati sizinayambe kugwira ntchito, ndipo Chrome imalemba NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Ngakhale kusiyana kwa mphindi zochepa kumavuta pa manambala otsimikizira ochokera mu app ngati Google Authenticator, chifukwa amasintha pa masekondi 30 aliwonse ndipo amawerengedwa kuchokera pa wotchi ya foni. Ikani tsiku, nthawi ndi chigawo cha nthawi kuti zizidzikonza zokha.

Mwalowa, koma akaunti ilibe kanthu

Ili si vuto la ma cookie, ngakhale limaopsa kuposa onse. Mwalowa, koma zinthu zanu zonse kulibe, tsamba likukulandirani ngati mlendo. Musanayambe kulira, onani imelo yomwe yalembedwa pa akauntiyo. Mwina poyamba munalembetsa ndi Facebook, lero mwadina Google, ndipo tsambalo lakutsegulirani akaunti yachiwiri. Mwina muli ndi maakaunti awiri a Google mu browser imodzi, wakuntchito ndi wanu, ndipo yasankhidwa ina. Sign in with Apple, yomwe inayamba mu 2019, ili ndi mwayi wobisa imelo yanu, ndipo mukausankha tsambalo limalandira adiresi yachisawawa yothera ndi privaterelay.appleid.com. Kwa tsambalo ameneyo ndi munthu wina. Tulukani, mulowenso ndi khomo lomwe munalowera tsiku loyamba. Kufufuza mu imelo yanu kalata yokulandirani yochokera ku tsambalo kumakuuzani adiresi yomwe munagwiritsa ntchito.

Akaunti yakuntchito kapena yakusukulu ili ndi zakenso: oyang'anira angathe kuletsa kuti isagwiritsidwe ntchito pa masamba akunja. Uthenga ukatchula administrator, palibe chosinthira mu browser chomwe chingathandize. Funsani a IT.

Pamene vuto silili kwa inu

Mauthenga ena ndi kalata yopita kwa mwini tsamba, inu mwangoiwerenga panjira. "Error 400: redirect_uri_mismatch" akutanthauza kuti adiresi yomwe tsambalo lapempha kuti mubwezedwereko siili pa mndandanda womwe eni ake analembetsa kwa Google. "invalid_client" ndi chimodzimodzi, makiyi awo ndi olakwika kapena anafufutidwa. Fufutani ma cookie mpaka kuche, sizisintha. Chokhacho choyesa ndi kuona ngati adiresi ili ndi www kutsogolo kapena ilibe, n'kuyesa inayo. Kwa browser, maadiresi awiriwa akhoza kukhala malo awiri osiyana, ndipo cookie yolembedwa kumodzi siwerengedwa kwinako.

Pali vuto lina lodabwitsa lomwe ndinalimbana nalo masiku angapo pa tsamba lina lomwe sinditchula. Ndikalowa mwachangu zinkatheka. Ndikachedwa pang'ono, mwina podikira nambala yotsimikizira pa foni, ndinkakanidwa. Chifukwa chake chinali lamulo la SameSite. Kuyambira pa Chrome 80, mu February 2020, cookie yomwe mwini wake sananene mmene iyenera kuyendera pakati pa masamba imatengedwa ngati "Lax", kutanthauza kuti situmizidwa pamene tsamba lina likukubwezani ndi njira ya POST, yomwe ndi yotumizira zinthu ngati fomu yodzazidwa. Kuti masamba akale asafe tsiku limodzi, Chrome inasiya mpata: cookie yotero imatumizidwabe ngati sinakwanitse mphindi ziwiri chilembedwere. Ndiye munthu wachangu amadutsa, wochedwa amatsekeredwa kunja. Ngati zanu zikufanana ndi izi, lowani kaye mu Google kapena Apple pa tabu ina, mumalize zotsimikizira zonse kumeneko, kenako mubwere kudzadina batani. Ulendo udzatenga masekondi ochepa. Kukonza kwenikweni n'kwa eni tsamba, omwe ayenera kulemba cookie imeneyo ndi SameSite=None pamodzi ndi Secure.

Mukamawalembera eni tsambawo, mawu akuti "sizikutheka" sawathandiza. Auzeni dzina la browser ndi nambala ya mtundu wake, foni kapena kompyuta yomwe mukugwiritsa ntchito, batani lomwe munadina, malo amene zinaimira, uthenga wonse mmene walembedwera, ndi nthawi yomwe zinachitika. Nenaninso browser ina yomwe munayesa ndi zotsatira zake. Mukajambula chithunzi cha sikirini, bisani adiresi yaitali ya pamwamba ngati muli mawu akuti code kapena token, ndipo pasiwedi yanu musatumizire aliyense, ngakhale atadzitcha wothandiza makasitomala.

Tsiku lomwe mwakwanitsa kulowa, pitani mu zosinthira za akauntiyo muone ngati akulola kuika pasiwedi yakeyake kapena kulumikiza njira yachiwiri yolowera. Masamba ambiri amene munalembetsa ndi Google amalola kudina "Forgot password" n'kukutumizirani linki pa imelo yomweyo, ngakhale simunaikepo pasiwedi chiyambire. Kenako bwererani mu browser, muyatsenso chilichonse chomwe munazimitsa poyesayesa, kusiya chimodzi chokha chomwe chinathetsa vutolo, pa tsamba limodzi lokhalo.